Bokosi la a Vitalis

Mateyo Namakhwa anabadwira kufupi ndi Magomero, m'banja la ana asanu ndi awiri ndi kamunda kamodzi kosakwana kudyetsa anthu atatu. Sukulu anailekezera Sitandade 6 fizi itasowa. Anayesa maganyu m'minda ya fodya, anayesa kuumba njerwa, ndipo m'chaka cha 1984 analembetsa upayoniya. Anthu akamufunsa pambuyo pake chimene anakatsata kumeneko, ankayankha mosabisa kuti anatsata nsapato ndi chakudya. Koma anakapezakonso luso. Kumeneko ndi kumene anaphunzira kugwira macheka, kupala thabwa ndi kulumikiza chitseko chosalowa mphepo.

Upayoniya sunali matabwa okha. Masiku ena ankaima pazipata za misika kufunsa anthu makhadi a chipani, ndipo Mateyo, pokhala mnyamata wonyadira yunifolomu, ankaigwira ntchitoyo mopyola muyeso. Pa Njuli anabwezapo amayi ambiri madengu ali pamutu. Tsiku lina anakankha dengu la mayi wina, tomato n'kumwazika m'fumbi, iye n'kumaseka. Iye anaziiwala msanga zimenezi. Anthu a pa Njuli sanaiwale.

Anakwatira Anjelina, mtsikana wa m'mudzi wina wa kuseri kwa Njuli, ndipo anakakhala komweko chikamwini. Anjelina anali ndi mlongo wake wamkulu, a Vitalis, msilikali, munthu wamtali ngati mlongoti ndiponso wa mawu ochepa. Iwowa ndi amene anali mwinimbumba pamudzipo. Ankabwera kamodzi pa chaka, ndipo akabwera, mlamu wawoyo ankangomupatsa nsonga za zala popereka moni.

M'mwezi wa Disembala 1993 asilikali anapita kukalanda zida m'malo a apayoniya. Mfuti zitayamba kulira, Mateyo anali m'shedi akupala mwendo wa tebulo. Anavula malaya a yunifolomu, anadumpha mpanda, waya n'kumung'amba ntchafu, ndipo anayenda masiku anayi m'tchire mpaka kuwoloka malire ku Muloza. Ku Mozambiki anakhalako chaka ndi theka akuchekera anthu matabwa. Anabwerera mu 1995, boma litasintha kale, atawonda komanso akutsimphina.

Abale a Anjelina anakhala pansi kukambirana za iye. Ambiri anati apirikitsidwe, mudzi usamanunkhe za kale. A Vitalis, amene anali patchuthi, anamvetsera onse, kenako anati, "Msiyeni akhale. Mukamuthamangitsa, ana awa muwadyetsa ndinu? Koma asamayese kuti ine ndi iye tamvana."

Kuyambira pamenepo dzina loti Mateyo silinatulukenso pakamwa pawo. Ankangoti Payoniya. Akaledzera ankafotokoza za Disembala uja mokweza mawu, kuti anthu aja anawafukula ngati mbewa m'mauna, ndipo ankaonetsetsa kuti mlamu wawo akumva. Ngati a Vitalis anali m'gulu limene linafika pamalo pamene panali Mateyo, Mateyoyo sanafunsepo. Ankangozyolika n'kumapitiriza kupala thabwa lake.

Anaphunzira kukhala munthu wosaoneka. Pamsonkhano ankakhala kumbuyo, kutchalitchi pafupi ndi khomo. Ankakhoma zitseko, mabenchi ndi timipando, ndipo kandalama kakapezeka ankagula lata limodzi n'kulisunga kuseri kwa bedi. Patatha zaka zinayi anafolera nyumba yake ndi malata, yoyamba pakati pa nyumba za pambumba ponse. Tsiku limene anamaliza, anakhala m'katimo masana onse kudikira kuti amve mvula ikugunda pamwamba.

A Vitalis nawo zinthu sizinawayendere. Analondera njanji ku Mozambiki zaka zingapo, anapuma ntchito mu 1998, ndipo ndalama zawo zopumira anagula minibasi yakale imene inafera pa Namadzi chaka chisanathe. Akazi awo anatenga ana kubwerera kwawo. Iwo anafika kumudzi ndi sutikesi yachitsulo, chipewa cha usilikali ndi chifuwa chosamva mankhwala. Anjelina ndiye ankawaphikira ndi kuwachapira. Mateyo anawakhomera chitseko ndi bedi lalitali lofanana ndi msinkhu wawo, osauzidwa ndi munthu. A Vitalis analigwedeza bedilo kuti aone ngati likulira, ataona kuti silikulira anangoti, "Hmm."

Anamwalira Lachiwiri lina m'mawa, m'mwezi wa Febuluwale 2002, njala itafika posauzana. Chimanga m'minda chinali chisanakhwime. Anthu ankadya madeya, nthochi zosakhwima ndi masamba a maungu opanda ndiwo inzake, ndipo m'midzi yozungulira maliro ankachita kutsatizana. Anjelina anapita ndi kaphala ka madeya kukawadzutsa, anawapeza atazizira kale.

Mkulu wotsala pabanjapo anali atsibweni awo, a Benedicto, nkhalamba imene inkanyadira kwambiri kuti m'banja mwawo munatuluka msilikali. Anthu atasonkhana pasiwa, iwo anaimirira ndi ndodo yawo.

"Pasakhale wovutika ndi za bokosi," anatero. "Uyu ndi munthu wa boma. Msilikali amaikidwa ndi asilikali anzake. Abwera ndi galimoto, bokosi, mbendera, ndi matumba a ufa omwe. Ine ndinaonapo ku Namitambo."

Nkhope zambiri zinawala pomva za ufa. Anatuma munthu kukaimba lamya pa Njuli kwa a Lawrence, mnzawo wa malemu amene anagwira naye ntchito ndipo tsopano ankakhala ku Zomba. Wotumidwayo anabwerako madzulo n'kunena kuti a Lawrence sanawapeze, koma uthenga wasiyidwa pasitolo ya pafupi ndi kwawo.

Mateyo ankadziwa kuti munthu amene anapuma ntchito zaka zinayi zapitazo si chimodzimodzi ndi womwalira ali pantchito. Anayesa kunong'oneza mkazi wake kuseri kwa nyumba.

"Mayi a Thandie, galimoto imeneyi mwina siibwera."

"Nanga bwanji osakawauza atsibweni?"

"Ine? Ndikanena ine, ati Payoniya akuchitira nsanje alamu ake ngakhale atafa."

Anjelina anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Ndiye tidikire," anatero, n'kubwerera m'siwa.

Lachitatu linacha ndi dzuwa lowotcha, la mtundu uja lotsogolera mvula. Anthu anachuluka kuposa dzulo lake, ena ochokera kutali amene malemu sankawadziwa n'komwe, atamva za matumba a ufa. Galimoto iliyonse ikamveka kumsewu, mitu yonse inkatembenuka, nyimbo n'kuduka. Ikapitirira, amayi a mphakati ankayambiranso nyimbo ija ndi mawu ofooka. Pamoto panalibe mphika. Ana ankalira, ndipo kulira kwawo sikunali kwa maliro.

Cha m'ma teni koloko amayi amene anali m'nyumba ya maliro anayamba kutuluka mmodzimmodzi, ena atagwira chitenje pamphuno. Ntchentche zinayamba kuzungulira pazenera. Mkulu wa adzukulu, anthu okumba manda, anafika kwa a Benedicto chipewa chili m'manja.

"Akuluakulu, ife sitikukana ntchito. Koma sabata ino takumba manda atatu, m'mimba mulibe kanthu. Dzulo mnzathu wina anagwera m'dzenje ndi chizungulire. Popanda kanthu kolawa, khasu silinyamuka."

"Ufa ukubwera," anayankha a Benedicto, maso ali kumsewu.

"Ukafika mutiitane," anatero mkuluyo, ndipo adzukulu anakakhala pansi pa mtengo wa mango, makasu atawagoneka.

Anjelina anatuluka m'siwa masana. Mateyo anamuona akuyenda mogwira khoma, anakafika kuseri kwa bafa n'kuyamba kusanza, ngakhale munalibe choti asanze. Atamuyandikira, mkaziyo anamuyang'ana ndi maso ofiira.

"Achimwene ayamba kutupa," anatero. "Bambo a Thandie, munthu uja wayenda maiko, lero aziwola pamphasa anthu akuonerera? Tiwakulunge mumphasa momwemo basi."

"Mphasa ikwana? Miyendo ikhala panja. Ndipo adzukulu sakumba."

"Nanga titani? Mbuzi tinadya kale. Wailesi munagulitsa."

Mateyo anakweza maso kuyang'ana denga la nyumba yawo, limene linkanyezimira padzuwa. Anjelina anatsatira maso akewo.

"M'dzinja muno?" anafunsa.

"Mbali imodzi yokha. Ya kuchipinda kwa ana. Ana azigona kwathu."

Mkaziyo ankadziwa zaka zimene malatawo anatenga. Kenako anati, "Kwerani."

Phokoso la msomali woyamba ukuzulidwa linamveka mudzi wonse. Lata linalira ngati nkhumba yogwidwa mwendo, ndipo nyimbo inaima. Anthu anadzuka kudzaona. A Benedicto anafika akugwedeza ndodo.

"Iwe mkamwini! Pamudzi pali zovuta, iwe uli padenga? Ukugwetsa nyumba kuti uthawenso?"

"Ndikufuna matabwa, atsibweni," anayankha Mateyo ali pamwamba, osasiya kuzula. "Ndi chimanga cha adzukulu."

"Wakutuma ndani? Maliro awa ndi ako? Ukufuna asilikali akafika apeze titamuika m'kabokosi ka mabenchi, atiseke?"

"Ndamutuma ndine," anatero Anjelina. Sanakweze mawu, koma onse anamva. "Atsibweni, lowani m'nyumbamo mukhalemo pang'ono, kenako mudzandiuze kuti tidikirebe."

Nkhalambayo inayang'ana kukhomo la siwa, kumene ntchentche zinali zitachuluka. Sinalowe. Inabwerera pampando wake ikung'ung'udza kuti dziko latha, akamwini ayamba kulamula maliro.

Mateyo anatsitsa malata asanu ndi atatu, anawapinda pamodzi, anawamanga ndi mphira panjinga yobwereka, n'kuyamba kukankha kulowera ku Njuli. Njira inali yamatope, ndipo mwendo wake uja unkakoka. Iyenso anali asanadye chinthu chenicheni masiku awiri. Pachitunda china maso anachita mdima, anatsamira njinga mpaka dziko linasiya kuzungulira.

Pa Njuli nyengo imeneyo ogulitsa katundu wa m'nyumba anali ambiri kuposa ogula. Mipando, mapoto, zitseko, zonse zinali pamsewu. Munthu mmodzi yekha amene anali ndi chimanga komanso ndalama anali a Asiya, mayi wa sitolo amene ankapikula chimanga ku Mozambiki. Mateyo anaimika njinga pakhonde pawo, anavula chipewa.

A Asiya anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, osayang'ana malata.

"Khadi muli nayo, bambo?" anafunsa.

Anthu amene anali pamzere wa chimanga anaseka, kuseka kopanda chimwemwe.

"Simukundikumbuka," anapitiriza mayiyo. "Ine ndikukukumbukani. Tomato uja ndinali nditamutenga kwa eni ake kuti ndikagulitse. Ndinali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Munaseka."

"Ndinali ine, mayi," anatero Mateyo. "Sindikana. Ndinalakwa."

"Lero mwadziwa kulakwa chifukwa mwagwidwa njakata."

"N'kutheka. Koma malatawa si a mimba yanga. Alamu anga a Vitalis ali pamphasa kuyambira dzulo m'mawa."

"Asilikali aja? Ataliatali?" Nkhope ya a Asiya inasintha pang'ono. "Si omwe aja ankakutukwanani pamowa?"

"Omwewo."

Mayiyo anatuluka, anamasula mphira, anayang'ana lata lililonse poyera kuwerenga mabowo a misomali. Mtengo umene anatchula unali wochepa kwambiri, wosafika ndi theka la umene Mateyo anagulira. Iye anatsegula pakamwa kuti adandaule, koma anaona dzuwa litapendeka, anangovomera. Anamupimira chimanga ndowa ziwiri, ndalama yotsalayo anamupatsa m'manja. Akunyamuka, a Asiya analowa m'sitolo n'kutuluka ndi nsalu yoyera yopindidwa.

"Iyi ndi ya malemu," anatero. "Si yanu. Maliro n'kulirana. Za ine ndi inu zikadalipo."

Ndalama ija inakwana matabwa asanu ndi limodzi a paini, osauma bwino, kapaketi ka misomali ndi kugaitsa chimanga. Mateyo anafika kumudzi dzuwa likulowa. Ufa utangooneka, amayi anasonkhezera moto, ndipo adzukulu analonjeza kuti akalawa kanthu alawirira kumanda m'mamawa. Iye anayala matabwa pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba yake yong'ambika denga. Sanafunike kukayeza mtembo, muyeso wa bedi lija ankaukumbukira. Anacheka ndi kupala mpaka kuwala kunatha, anadzukanso tambala woyamba atalira, ndipo pofika nthawi imene ana amapita kusukulu bokosi linali litaima pamiyala iwiri, loyera, la mapewa otambalala. Misomali inatsala isanu ndi umodzi yokha, ya chivundikiro.

Lachinayi m'mawa thambo la ku phiri la Chiradzulu linali lakuda bii. Achibale anakulunga thupi m'nsalu ija mofulumira n'kuliika m'bokosi. Akatekisiti anali atatsegula kale buku pamene anthu anayamba kunong'onezana kuti asilikali afika.

Sinali galimoto. Anali amuna awiri achikulire oyenda pansi kuchokera kumsewu, nsapato zili matope okhaokha. Wotsogola anali wamfupi, wa chifuwa chotambalala, atavala jekete yakuda yokhala ndi mamendulo awiri ndi chipewa chofanana ndi cha malemu. Amenewa ndiwo anali a Lawrence. A Benedicto anawathamangira.

"Takulandirani, bwana. Galimoto mwaisiya kumsewu?"

"Galimoto yanji, bambo?" anafunsa a Lawrence. "Ife tabwera pa minibasi. Uthenga ndaulandira dzulo madzulo. Ine ndinapuma ntchito ngati mnzangayu, sindinatumidwe ndi ofesi iliyonse. Tabwera kudzaika mnzathu, ndi kachipepeso kamene tasonkherana."

Anapereka kaenvulopu kopyapyala. A Benedicto anakalandira ndi manja awiri, anakayang'ana, ndipo anakhala pansi pang'onopang'ono ngati munthu amene wathyoka msana. Anthu ena amene anadzera ufa anayamba kuzemba.

A Lawrence analowa m'siwa kukaona nkhope, anatuluka maso ali onyowa. Bokosi litatulutsidwa pabwalo, analisisita m'mbali ndi chikhatho.

"Ntchito yabwino iyi," anatero. "Mwagula kuti nyengo ino?"

Munthu wina kumbuyo, kaya mwa chipongwe kaya mosaganiza, anati, "Wakhoma ndi Payoniya."

Dzanja la a Lawrence linachoka pabokosi ngati lakhudza moto. "Ndani?"

Mateyo anali ataima pambali, hamala ili m'manja, misomali ili m'thumba la malaya, kudikira kuti akhome chivundikiro. Miyendo inamuuza kuti athawe, monga inamuuzira tsiku lija m'shedi. Koma panalibe mpanda woti adumphe, panali anthu okhaokha. Anasendera kutsogolo.

"Ndine, bwana. Ndine mlamu wawo."

A Lawrence anamuyandikira mpaka mamendulo anatsala pang'ono kukhudza malaya ake. "Vitalis ankandiuza za iwe. Unali kuti Disembala uja?"

Mateyo anatchula malowo.

"Ine ndinali kwina," anatero a Lawrence. "Kumene ndinali ineko mnzathu wina, mwana wamng'ono, anafera m'manja mwangamu. Vitalis ndi amene ananyamula miyendo." Anatembenukira kwa anthu. "Msilikali uyu salowa m'manda ndi bokosi la payoniya. Mutulutseni."

Mnzawo uja anawagwira mkono, iwo anaukutumula. Akatekisiti anatseka buku. Kutali kunamveka bingu, ndipo mphepo yozizira inayamba kugwedeza chimanga m'minda.

"Bwana," anatero Mateyo, "ine mfuti sindinalozepo munthu. Zoipa zina ndinachita, anthu awa akuzidziwa, sindingabise. Ngati dzanja langa ndi limene lalakwa, ine ndichoka pano, kumanda sindifikako. Koma matabwawo alibe mlandu."

"Ndati mutulutseni!"

Anjelina anadzuka pakati pa amayi. Anayenda mpaka pabokosi, anagwada monga mwa ulemu, koma mawu ake sanagwade.

"Bambo, zikomo kuti mwabwera. Achimwene ankakutchulani kawirikawiri. Ine ndine mlongo wawo, ndawasambitsa zaka ziwiri. Ngati mwabwera ndi bokosi lina, tiwatulutsa pompano, ine ndigwira kumutu. Lili kuti?"

A Lawrence anayang'ana kumbali.

"Taonani uko." Anjelina analoza nyumba yawo, imene mbali imodzi inali mitengo yokhayokha, thambo likuonekera. "Bokosi lachokera apo. Phala limene adzukulu amwa lachokera apo. Takudikirani masiku awiri, sitikukuimbani mlandu, uthenga unachedwa. Koma achimwene sangadikirenso. Mukumva nokha."

Aliyense ankamva. Ngakhale panja, fungo linali litafika pamene panakhala amuna. Nthawi yomweyo mmodzi wa adzukulu anafika akuthamanga kuchokera kumanda, n'kunena kuti mvula ikangogwa dzenje lidzaza madzi ndipo makoma ake agumuka, chifukwa dothi n'lofewa.

A Lawrence anayang'ana denga lija, anayang'ana bokosi. Kenako anatambasula dzanja kwa Mateyo, osamuyang'ana kumaso.

"Bweretsa hamala. Wotseka ndikhala ine."

Mateyo anapereka hamala ndi misomali isanu ndi umodzi ija. A Lawrence anaika chipewa cha malemu pachifuwa pa mtembo, anakokera chivundikiro, anaimika msomali woyamba. Anamenya kamodzi, kawiri, msomali unapindika n'kugona. Anatenga wachiwiri. Paini wosauma uja anaterera, msomaliwo unalowa chopendekera n'kutulukira m'mbali, thabwa n'kuyamba kung'aluka. Anthu anapuma mokoka mpweya. Madontho oyamba a mvula anagwa pachivundikiro.

Mateyo anayang'ana mng'alu uja ukutalika ngati chala. Akanati amenyenso pomwepo, mbali yonse ikanatseguka.

"Yatsala inayi, bwana," anatero motsitsa mawu. "Ina kulibe."

A Lawrence anaima hamala ili m'mwamba. Kenako anaitsitsa, anaiika pabokosi pamodzi ndi misomali, n'kubwerera m'mbuyo masitepe awiri, manja kumbuyo.

Mateyo anagwada. Anazula msomali wopendekera uja mosamala, anawongola wopindika pamwala, ananyowetsa nsonga iliyonse ndi malovu, n'kukhoma yonse isanu ndi umodzi, uliwonse katatu. Ataimirira anabwerera kumbuyo kwa anthu, monga mwa chizolowezi chake.

Ulendo wa kumanda unali wothamanga. Akatekisiti anadumpha mapemphero ena. Bokosi litatsikira pansi, amuna awiri aja anaima chilili m'mphepete mwa dzenje, anawomba sawatcha, ndipo a Lawrence anatchula dzina lonse la malemu ndi nambala yawo ya usilikali, pamtima, mvula ikuwatsika m'masaya. Adzukulu anakwirira madzi atayamba kale kulowa. A Lawrence anatsanzika kwa a Benedicto ndi kwa Anjelina. Podutsa pamene panaima Mateyo anachepetsa liwiro ngati anena kanthu, koma anangokonza chipewa n'kupitirira. Awiriwa sanaonanenso.

Mvula imeneyo inagwa masiku atatu. Chipinda cha ana chinasanduka dziwe, khoma lake la njerwa zosawotcha linanyowa mpaka linagwa sabata yotsatira. Banja lonse, anthu asanu ndi mmodzi, linadzazana m'chipinda chimodzi mpaka mwezi wa Juni, pamene udzu unauma ndipo Mateyo anamanganso khomalo n'kufolera mbali imeneyo ndi udzu. Mwana wawo wamng'ono anadwala chibayo nyengo yomweyo, anagonekedwa kuchipatala cha mishoni sabata ziwiri, koma anachira. Kaenvulopu ka a Lawrence, a Benedicto anakapereka kwa Anjelina osakatsegula, ndipo ndi kamene kanawafikitsa pa chimanga chachiwisi.

Anthu amene anaona bokosi lija anayamba kubwera okha. Zaka zimenezo imfa zinali zambiri, ndipo mmisiri wodziwa kukhoma bokosi m'tsiku limodzi sankasowa ntchito. Pofika 2004 Mateyo anali ndi kashedi kake m'mphepete mwa msewu pa Njuli, mabokosi mbali ina, zitseko mbali ina. A Asiya ankamupatsa ntchito ya mashelefu a m'sitolo, ankalipira pa nthawi yake, koma moni wake ankayankha tsiku limene afuna. Dzina loti Payoniya silinachoke. Ana ena pa Njuli ankayesa kuti ndi dzina lake la ubatizo.

Mu 2006 mwana wamkulu wa a Vitalis anabwera kuchokera ku Zomba, atayamba ntchito ya uphunzitsi, kudzaona manda a bambo ake. Anamva nkhani yonse kwa azakhali ake, ndipo madzulo anapita kushedi kukafunsa kuti abweze zingati. Mateyo anali akupala chitseko cha tchalitchi china cha ku Mpama. Anati iye za mitengo ya chaka chija anaiwala, koma ngati mnyamatayo ali ndi kanthu, agule matumba awiri a simenti, chifukwa mtumbira unali utayamba kukokoloka. Loweruka lotsatira anatseka shedi, anabwereka wilibala, ndipo awiriwo anatha tsiku lonse akututa mchenga kumtsinje.